Kachitini Kanu ka Fodya, a Chester

CHESTER NAMWIYO
Munabadwa mu 1941, munatisiya pa 19 Julayi 1979

Bambo a Marjory, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Anthu amati zaka zikamapita mtima umakhazikika. Wangawu ayi. Ndili ndi mlandu kwa inu, ndipo poti ndikafika pamanda ndimalephera kuunena, ndati ndiunene pano, pansi pa chithunzi chanu.

Ndi za kachitini kanu ka fodya kaja. Mukaweruka ku fakitale ya tiyi simunkavula n'komwe ovololo. Munkangofikira pakhonde, mawailesi akufa a anthu a m'malayini ali mbwee, msomali waukulu wosungunulira mtovu uli pa mbaula, inu mukuzula tizinthu ta miyendo itatu timene munkati matiranzisita. M'kachitinimo munaikamo awiri okha, pamodzi ndi timikanda tamizeremizere, batire, ndi kopotokola mawu ka wailesi ya malemu bambo anu. Waya wina ku gitala, wina ku ampulifaya. Basi, gitala imene inkalira bwinobwino inayamba kusasa mawu ndi kubangula. Ine ndinati mwaiwononga. Ndinatinso ikulira ngati tambala wachimfine, inu n'kuseka mpaka kutsokomola. Tsitsi munkameta mwaulemu monga lamulo linkafunira, koma gitala yanu inalibe mwambo ngakhale pang'ono. Paukwati uliwonse, kuyambira ku Milonde mpaka ku Mishoni, munthu ankadziwira kumsewu kuti akuimbayo ndi Namwiyo. Kukagwa chiperoni munkafunditsa kachitiniko m'jekete ngati mwanapiye, mukuti kakazizidwa kamachita manyazi.

Patatha chaka chimwalirireni, waya wa batire unaduka. Mng'ono wanu Mackson anati tisakagwire. Ine, mukundidziwa, sindinamve. Ndinkafuna kalire pa tsiku la chiliza chanu, ndiye ndinapita nako kwa wokonza mawailesi wina pamsika. Munthuyo sindimuda, anagwira ntchito imene amadziwa. Atalumikiza waya anamva kusasa kuja, n'kuganiza kuti ndiwo matenda ake. Anazula tiranzisita imodzi, anataya, anaikapo yatsopano, n'kundipatsa akumwetulira kuti phokoso lonse wachotsa. Pachiliza paja Mackson atakhudza nsambo, gitala inalira mofatsa ngati ya kwaya. Anthu anangoyang'anana. Mackson anaitsamiritsa kumtengo, ndipo m'pamene ndinakumbukira zimene munkanena mukugogoda kachitiniko: "Pa awiriwa, wolumalayu ndiye woimba." M'mawa mwake ndinabwerera kumsika, ndinapapasa dothi pansi pa tebulo lake mpaka anthu anandizungulira. Kanthu kochepa ngati khobwe, pamsika posesedwa tsiku ndi tsiku, ndikanakapeza bwanji?

Simunasiye kapepala ngakhale kamodzi kosonyeza mmene munalumikizira. Zopita ku Blantyre kukajambula nyimbo munkangoti chaka chamawa, chaka chamawa. Mawu anu onse anali m'kachitini kamodzi, ndipo ndine ndinawataya. Chondiwawa kwambiri ndi mwana wathu Christobel. Munamusiya ali kumsana. Ana anzake akamati bambo ako anali katswiri wa gitala, iye amabwera kudzandifunsa kuti inkalira bwanji. Kubangula kuja ndi pakamwa sindingakuthe, ndinayesapo ndipo anangondiseka.

Chiyambire pamenepo sindikhala pansi. Ndikaweruka kothyola tiyi ndimalowa m'midzi kupempha mawailesi akufa, mpaka ena ayamba kunong'onezana kuti mkazi wa Namwiyo mutu sukugwira. Anene, pakamwa ndi pawo. Msomali wamoto ndaphunzira kuugwira, mtovu ndimasungunula ndekha, zala zonse ndi zipsera. Ndimasankha matiranzisita akale achitsulo aja, chifukwa atsopano akudawa onse amaimba bwino mopanda ntchito. Loweruka lililonse masana Mackson amabwera ndi gitala, ndimalumikiza, amakhudza nsambo, amapukusa mutu, ndimazula. Marjory, amene tsopano ali pabanja, amandikalipira kuti ndikudzizunza ndi zitsulo m'malo mopumula. Amakalipa, koma wailesi yakufa ya apongozi ake anabwera nayo yekha.

Loweruka lapitali kunagwa chiperoni. Ndinaikamo tiranzisita yadzimbiri ya m'wailesi imene mlonda wa nkhalango anatsika nayo kuphiri la Chambe itavumbwa ndi mvula. Poyamba kanangolira monyentchera. Ndinakatenga kachitiniko, n'kukafunditsa pachifuwa monga munkachitira. Mackson atakhudzanso nsambo, bambo, chinabangula! Amayi anu, amene maso anafa ndipo masiku ano amatha tsiku osayankhula, anakuwa ali m'nyumba: "Muuzeni Chester achepetse phokosolo, mwana wagona!" Mackson anandiyang'ana. Ine ndinathamanga osavala nsapato kukatenga Christobel kumene ankasewera ndi anzake. Pofika naye, kunali zii. Dzimbiri linali litadya mwendo umodzi wa kanthuko, unathyokera patsinde penipeni posagwirika ndi mtovu. Mwanayo anationa tonse tikulira, n'kufunsa kuti ndamuitanira chiyani.

Sindikudziwa ngati munandikhululukira. Mukanakhalapo mwina mukanangoseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti uja ankadana ndi tambala wachimfine lero akumusaka m'midzi. M'wailesi ya ku Chambe ija mwatsala matiranzisita ena awiri. Loweruka lino Christobel sapita kosewera, akhala pakhonde pambali panga.

Gonani, bambo a Marjory. Ine sindipuma mpaka mwanayu akumveni. Sitidzakuiwalani.

Mkazi wanu Janeti, ana anu Marjory ndi Christobel, amayi anu, ndi mng'ono wanu Mackson.