Masamba Akunja a Kabichi

Lolemba, 3 Malichi

Ndilemba pang'onopang'ono, poti zilembozi ndinazidziwa imvi zitamera kale. Madala, amuna anga atelala, agundanso mpando dzuwa litangolowa. Akuti mpandowo ndi umene unasuntha. Mwana wathu wamkulu wati zikapitirira chonchi adzatenga makina osokera, bambo ake apume. Madala opanda makina? Sindikuwaona.

Lachitatu, 5 Malichi

Kuchipatala. Anamwino anawaunika m'maso, n'kufunsa zimene amadya. Ine kuyankha monyadira: kabichi tsiku ndi tsiku, ndipo ndimawapatsa wam'kati woyera, wofewa uja, poti ndi eni nyumba. Masamba akunja obiriwira, olimba aja, ndimaphika pambali n'kudya ndekha. Zaka makumi anayi.

Anamwino kuseka mpaka kuvula magalasi. "Agogo, vitamini A wothandiza maso ali m'masamba obiriwira kwambiriwo! Muziwapatsa amenewo, muthireko timafuta, musapsetse." Anaperekanso mankhwala. Akuti tibwerenso pakatha mwezi.

Lachinayi, 6 Malichi

Madala sanandilankhule mpaka masana. Kenako ali, "Kani mayi, zaka zonsezi mumadya maso anga?" Ndati ndinkakulemekezani. Akuti ulemu wotere ndizikapatsa adani.

Lachisanu, 7 Malichi

Adya. Nkhope ngati akutafuna chigamba cha jekete.

Loweruka, 8 Malichi

Mwana uja anabweradi ndi wilibala kudzatenga makina. Anapeza bambo ake atakhala kale pamakinapo, mbale ya masamba ili pomwe pamadutsa nsalu, akutafuna mokweza kuti aliyense amve.

"Bambo, tadzukani."

"Sukuona ndili pa mankhwala? Odwala sasunthidwa."

Anakanda kumutu, n'kuyang'ana ine. Ine maso kudenga. Wavomera kudikira mpaka tsiku la anamwino, osapitirira. Wilibala yabwerera yopanda kanthu, ikulira gudumu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndawapeza Madala kukhitchini, kumene sanalowemo chikwatiraneni. Akudula masamba ndi sizasi ya nsalu, mizere yowongoka bwinobwino ngati akukonza kolala. Poto ziwiri pamoto. Ndinangokhala pansi.

Obiriwira onse anadziikira okha. Ine anandipatsa woyera uja, ndi manja awiri, atawerama pang'ono. "Landirani, mayi. Ndinu wolemekezeka."

Ndalawa. Madzi okhaokha, osamveka kalikonse m'kamwa. Ndawafunsa kuti bwanji simunanene zaka zonsezi. Akuti ankaopa kundikhumudwitsa. Kenako anakankhira mbale yawo pakati pa tebulo, koma mbali yamafuta anaitembenuzira kwawo.