Dzina Lachitatu pa Pepala la Lolemba

Lolemba, 9 Juni

Pepala lafika teni koloko, mu envulopu ya chidindo chofiira. Lochokera kumalire, ku gulu la asilikali a mgwirizano wa mayiko atatu. Ntchito yanga ya masiku onse: kutayipa, kudinda, kope limodzi dziko lililonse. Asilikali khumi ndi asanu afa Loweruka, galimoto zawo zitaponda mabomba. Khumi ndi mmodzi a dziko la kumpoto, anayi athu. A kumwera palibe. Iwo amakhala kumbuyo ndi ndege zawo.

Dzina lachitatu pa anayi athuwo ndi la alamu, mwamuna wa mchemwali wanga.

Ndatayipa. Osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi. Manja opusa awa.

Bwana wanga, a Kolonelo, atseka chitseko. "Ndikudziwa ndi mlamu wako. Pepa. Koma unalumbira. Mayiko atatu amalengeza limodzi, tsiku limodzi, nduna zonse zitatu zitasayina. Lachisanu. Ukayasamula lisanafike, ntchito yatha, ndende ikutsata." Kenaka afunsa ngati tiyi wapsa.

Lachiwiri, 10 Juni

Mchemwali pa geti nthawi ya nkhomaliro, utoto wobiriwira m'zikhadabo. Akupenta kuchipinda, poti alamu amayenera kubwera mwezi wamawa. "Achimwene, foni yawo sikulowa chiyambire Loweruka. Mwamvako kanthu?" Ine: "Netiweki ya kumeneko ndi yovuta." Ndayankha maso ali pa nsapato za msilikali wa pa geti.

Waseka, wati akafika adzawakoka makutu. Wandipatsa malalanje awiri. Ali mu dirowa, sindingawadye.

Masiku atatu okha. Ndipirira.

Lachinayi, 12 Juni

Tsiku lonse akazembe m'chipinda chapamwamba, kukangana za chikalata cholengezera. A kumpoto akufuna manambala a dziko lililonse alembedwe, anthu aone amene akukhetsa magazi. A kumwera akukana, poti ziro wawo aonekera. Akufuna tingoti "asilikali a mgwirizano khumi ndi asanu." Athu akungogwedeza mutu uku ndi uku, amaopa onse awiri.

Ndachitayipa kasanu ndi kawiri. Kasanu ndi kawiri kudutsa pa dzina la alamu.

Masana wina wa kumwera wabwera ndi tepi kudzayeza mitengo ya mbendera. Akuti wa kumpoto watalika. Ayitanadi kalipentala, wadula. Munthu ali mu firiji ya chipatala cha eni, kutali, inu mukuyeza mitengo! Mtima wanga ukuwira. Ndaphwanya kapu ya ofesi, ndanama kuti yaterereka.

Lachisanu, 13 Juni

Alepheretsa. Nduna ya kumwera sinabwere, akuti ikutsegulira bwalo la mpira kwawo. Tsiku latsopano: Lachitatu sabata yamawa. Mbendera apinda, mabisiketi a alendo adya amesenjala.

Ndalowa kwa a Kolonelo osagogoda. Ndapempha kuti abusa a asilikali apite mwakachetechete kwa mabanja anayiwo, wailesi idikire. Ayi. "Tikayamba ife, a kumpoto ati taphwanya pangano. Mafuta a galimoto zathu kumalire amachokera kwa iwo. Ukufuna anyamata otsalawo ayende pansi?" Ndati nanga amayi anayi akuphikira anthu akufa? Ati ndichepetse mawu.

Choipa n'chakuti za mafutazo sakunama. N'chimene chikundipweteka kwambiri.

Mchemwali wayimba kawiri. Sindinayankhe.

Lamulungu, 15 Juni

Mchemwali wanditumizira mawu kuti ndikamuthandize kusuntha kabati. Ndapita, ndikanakana bwanji. Chipinda chonse fungo la utoto. Makatani atsopano, wasoka yekha. Malaya a alamu wachapa onse, ngakhale oyera kale, wati anayamba kununkha chinyezi.

"Inu a ofesi ya zinsinsi, lero mwatani? Nkhope ngati mwameza ndimu." Nthabwala zake za kale. Mawu anafika pakhosi, ndinatsegula pakamwa. Kenaka ana anga awiri m'maso, mayi awo, chitseko cha ndende. Ndinamufunsa ngati kabatiyo yakhala bwino pamenepo.

Ndisanamizire lumbiro. Ndine wamantha, basi. Ndakwiyira nduna, ndakwiyira akazembe, a Kolonelo, kalipentala yemwe. Koma amene anayima m'chipinda chija n'kumeza mawu ndi ine.

Atatu ena. Lachitatu m'mawa ndipita ndi abusa, ndikhale pambali pake akamamva. Chokhacho ndingathe.

Lolemba, 16 Juni

Atiponda. Mtsogoleri wa kumpoto walengeza yekha, pa msonkhano wa chipani chake, pa wailesi yawo. Mayina onse khumi ndi asanu, athu omwe, kuwatchula mokhotakhota ngati akuwerenga mankhwala. Osatiuza, osayimba foni. Pangano lija lomwe ndaliteteza sabata yathunthu, iye walipondereza kuti anthu amuwombere m'manja.

Ku ofesi chipwirikiti. A Kolonelo thukuta kamukamu, kukalipa za ulemu wa pakati pa mayiko. Ulemu! Palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa za mabanja mpaka ine nditakuwa.

Mchemwali wamvera m'minibasi. Munthu wa pampando wakutsogolo amaonetsa anzake pa foni. Akuti mchemwali anamupempha abwerezenso, n'kubwerezanso, kenaka anagwa. Amutengera kunyumba anthu osawadziwa. Abusa afika patatha maola anayi, ndi kalata yomwe ndinatayipa ine.

A kumpoto, athu sawachita kanthu. Mafuta ndi awo.

Lachiwiri, 17 Juni

Kunyumba ya maliro kuyambira m'mawa. Thupi silinafike, ndege ya a kumwera ikudikira chilolezo. Achibale a alamu andizungulira, aliyense funso lake, poti ndine wa ku ofesi. Ndangoti sindikudziwa. Lero lokha ndanena zoona.

Masana mchemwali wandiyitanitsa mkati. Ali pa mphasa, maso otupa, mawu atatha. Azakhali ndi amayi awiri a kutchalitchi pambali pake. Sanawatulutse.

"Munadziwa liti?"

Ndikanatha kunama. Azakhali ankandiyang'ana mondipempha kuti ndiname. Ndati Lolemba.

"Dzulo?"

Ndati ayi. Lolemba lija.

Sanalire, sanatukwane. Bola akananditukwana. Wawerenga masiku pa zala, limodzilimodzi, milomo ikuyenda. Ndayamba kufotokoza za lumbiro, za nduna zitatu, za mafuta. Mawu anga omwe ankandinyansa, ndinkamveka ngati a Kolonelo. Wakweza dzanja.

"Zamveka. Tsiku loyika mudzakhale ku mipando ya boma, ndi anzanu. Kuno ndi kwa abale." Kenaka kwa azakhali: "Aperekezeni a mlembiwa."

A mlembi. Mwana amene ndinkamubereka kumsana popita kusukulu, wandiyitana a mlembi.

Ndatuluka. Nsapato zanga pakhomo sindinazione msanga, zinali pansi pa za anthu ena, ndipo palibe anandithandiza kufunafuna.