Nkhunzi ya Apongozi Yanditsatira Kuboma

Aphungu,

Ndine mnyamata wa ku Champiti, ndipo ndili m'chaka chomaliza kusekondale. Khumbo langa n'loti ndikaphunzire zamalamulo kunja, boma likandiganizira pa thandizo la sukulu. Pa tchuthi cha chilimwe chino ahedi athu adandipemphera malo kuboma kuti ndizionerako mmene milandu imayendera. Ntchito yanga yeniyeni ndi kuthira inki m'timabotolo, kupukuta fumbi pa mabuku a malamulo ndi kunyamulira mapepala a Hilary, kalaliki wa milandu. Koma mayi anga afalitsa mudzi wonse kuti Bwana Disi, mzungu woweruza kubomako, sagamula mlandu asanandifunse. Nditawaletsa, amvekere, "Nanga tayi umavalira inki?"

Tsono vuto ndi ili. Pali mtsikana, Dailes, amene mtima wanga udagwerapo, ndipo nayenso sandithawa. Bambo ake, a Maliro, ndi munthu wa ng'ombe zambiri, woti kale ndikawapatsa moni ankayankha maso ali kukhola. Tsiku lina la msika nkhunzi yawo idadula chingwe ku Kasinje n'kulowa m'sitolo ya a Nasoro. Idanyambita mchere, idaphwanya nyali, n'kutuluka itakoleka nsalu ya biliwita kunyanga, ana akuikuwiza m'mbuyo. Bwalo la mfumu lidagamula kuti a Maliro alipire. Iwo adakana, ati wolakwa ndi mwini sitolo posiya chitseko pululu akudziwa kuti ng'ombe imakonda mchere. Achita apilo, ndipo mlandu ukulowa kuboma sabata yamawa.

Mwatsoka womasulira wathu wagwidwa ndi malungo, ndiye a Hilary ati ndimasulire ndine. Nkhaniyi idafika kumudzi ine ndisanafike. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, a Maliro adandipatsa moni ndi manja awiri, n'kunditchula "inu", zimene sizidachitikepo. Adati: "Akamwini, mzungu samva Chinyanja. Ine ndikati ng'ombe ndi yanga, inu mukati ndi yofanana ndi yanga. Nasoro akatchula nyali zosweka, inu mukazichepetseko. Chingerezi n'chanu, akakutsutseni ndani?"

Madzulo ake kunyumba kudabwera tambala ndi dengu la mbatata ya kachewere zochokera kwa a Maliro. Ndisanatsegule pakamwa, mayi adali atamusosola kale. Sindinama, Aphungu, ntchafu ndidadya ndine.

A Nasoro nawo adandiimitsa pakhonde la sitolo n'kundionetsa tayi wofiira, ati, "Ameneyu akudikira khosi la munthu wachilungamo." Sindidalandire, koma ndidamuyang'ana nthawi yaitali ndithu.

Dailes sadandipemphe kanthu. Adangoti, "Bambo akakabwerako kuboma atakwiya, njira ya kwathu uiiwale."

Ndikakhotetsa mawu ndikuopa kutaya sukulu, ndikawongola nditaya Dailes. Kodi nanenso ndingodwala malungo tsikulo? Ndithandizeni.

M.K., Ntcheu.

Mnyamata iwe M.K.,

Sukulu ya malamulo sunaiyambe n'komwe, koma wadya kale ntchafu ya mlandu. Ukufulumira.

Chotsa kaye m'mutu zoti mzungu samva Chinyanja. Ambiri a iwo amalemba mayeso a chiyankhulo chathu, ndipo ena amangokhala duu ngati sakumva n'cholinga choti aone amene akuwanamiza. Ngakhale bwanayo akadakhala gonthi, a Hilary akakhala pomwepo, amesinjala akakhala pakhomo, ndipo pabenchi sipakalephera munthu wobwerako ku Joni kapena ku Halale. Ukangosandutsa "yanga" kukhala "yofanana ndi yanga", ulendo wako wakunja ukathera pakhonde la boma, ndipo Dailes adzakwatiwa ndi wina amene sadalowepo m'ndende.

Za malungo abodza usayerekeze. Mayi ako sangasunge chinsinsi chotere, adzauza mudzi wonse kuti ukudwala mwanzeru.

Ukangowerenga yankholi, pita kwa a Hilary ukaulule zonse: za Dailes, za mawu a kutchalitchi, za tambala, ntchafu yomwe. Akaseka, asiye aseke. Upemphe kuti apeze womasulira wina, kaya mphunzitsi wa kumishoni kaya mesinjala wamkulu. Amenewo si mantha. Ndiro phunziro loyamba la ntchito imene ukuifunayo, lakuti munthu sakhala pa mlandu wa apongozi ake, ngakhale apongozi a m'maloto. Akuluakulu akamva kuti udadzipatula wekha, dzina lako lidzakoma kuposa ukadamasulira bwino.

Kenako gwira tambala m'khola la mayi ako, wonenepa kuposa uja, poti ndiwo adathamangira mpeni. Utume amalume ako akabweze pamodzi ndi mbatata. Usapite wekha, ungakagwe mphwayi ukaona Dailes akusuzumira kuseri kwa nkhokwe. Amalume akanene kuti lamulo la boma ndilo lakuletsa. A Maliro akwiyire boma, lidazolowera kutukwanidwa. Ali pomwepo, amalumewo akawanong'oneze kuti nkhunzi imene msika wonse udaiona itavala biliwita n'njovuta kuikana, ndipo kukhala pansi ndi a Nasoro apilo isanalowe kungawapulumutse ku manyazi. Tayi wofiirayo musiye alendewere, ndipo mlandu usanathe uzidzera njira ina.

Mayi ako uwatenge tsiku lina akakuone ukuthira inki. Zidzawapweteka, koma nkhuku za anthu a ku Champiti zidzapuma.

Dailes umuuze zoona ndi pakamwa pako, asamvere kwa bambo ake. Ngati akufuna iweyo, adzadikira kuti mkwiyo wa kunyumba uphwe, ndipo mkwiyo wa mwini ng'ombe suchedwa kuphwa akaona mnyamata wa tsogolo. Ngati ankafuna womasulira, wapulumuka mwanawe, kapereke chothokoza kutchalitchi.

Koma chenjera ndi ichi. Mpongozi ukamunamira kamodzi pabwalo, udzamunamira mpaka imvi, chifukwa m'khola mwake ng'ombe zikuswana, ndipo masitolo a mchere m'Ntcheu muno akuchulukirachulukira.

Aphungu.