Chiko wasiya kudya

Lachiwiri

Moffat 07:12
sisi Chiko sanadyenso lero. tsiku lachiwiri

Moffat 07:13
wangozyolika pa kamtengo kake nthenga zili nyankhalala. olo kuseka ngati amayi kuja wasiya

Kezia 07:48
ndinali mu class. mukumupatsa chani kwenikweni?

Moffat 07:50
zomwe akudya adadi. mtedza wokazinga, buledi woviika mu tiyi

Kezia 07:50
mtedza wa mchere?? iwe Moffat chinkhwe si munthu. amayi ankamupatsa papaya, magwafa, dowe, masamba a mpiru. zaka 14 osadwalapo

Moffat 07:55
amayiwo kulibe sisi, mwezi wachisanu uno. adadi amadya pokhapokha Chiko akhale pa tebulo, ndiye amagawana mbale. ndiwaletse ineyo?

Kezia 10:05
ndayankhula ndi Eveline, mnzanga wa za ziweto uja. akuti mtedza chotsani, umabisa chuku. tiyi ayi, mchere ayi. madzi oyera ndi zipatso basi. akufunsa ngati wadyapo chachilendo

Moffat 10:31
peyala lokha. adadi anamudulira Lamulungu atabwera ku tchalitchi. anadya bho, mpaka adadi kusangalala

Kezia 10:32
📞 missed call

Kezia 10:33
📞 missed call

Kezia 10:41
🎤 0:24
Moffat, peyala ndi poizoni kwa chinkhwe. Eveline akuti limagwira mtima, ndipo mankhwala ake palibe. Akuti mumuike pofunda, muzimudonthezera madzi kukamwa. Adadi usawauze za peyalazi, chonde. Usawauze.

Moffat 11:20
ok

Kezia 11:21
akangolankhula plz mujambule. ine mawu a amayi ndilibe mu foni olo kamodzi. ndinkangoti ndidzajambula pa Khirisimasi

Lachitatu

Moffat 06:40
walawa papaya!! kawiri

Kezia 06:41
Ambuye. pitirizani, pang'onopang'ono. walankhula?

Moffat 06:44
ayi. koma maso watsegula

Kezia 06:45
ndapempha kwa a head, akuti mpaka Lachisanu chifukwa cha mayeso. ndikaweruka ndinyamuka pa Dzoole pompano

Moffat 06:52
msewu wa ku Kasakula ndi matope okhaokha, njinga zamoto zikukana. tiona

Kezia 13:10
zili bwanji

Kezia 14:36
Moffat

Moffat 15:58
🎤 0:31
Sisi, wagwa pa kamtengo paja. Akupuma mobanika, kukamwa kuli yasa. Adadi amukulunga mu chitenje cha amayi cha chigwirizano, akhala naye pakhonde chiyambire masana. Akumuyankhula ngati mmene ankayankhulira ndi amayi kuchipatala. Ine sindikutha kuyang'ana.

Kezia 16:02
adya adadiwo?

Moffat 16:03
phala la mmawa likadali pa tebulo

Lachinayi

Moffat 08:17
wapita sisi. cha m'ma 7

Kezia 08:17
ayi

Kezia 08:19
sananene kalikonse?

Moffat 08:25
ayi

Moffat 08:26
adadi akumba okha kuseri kwa chigafa. khasu anandilanda. kenako alowa kuchipinda, a Solomoni a mkulu wa mpingo abwera koma sanawatsegulire

Kezia 08:30
auze ndikubwera mawa olo wapansi

Moffat 09:44
sisi pali china. voice yanu ya dzana ija ndinaitsegula pakhonde. ndimaona ngati ali kumunda koma anali pa window

Kezia 09:45
anamva??

Moffat 09:51
kaya. andipempha foni yawo yomwe ndimatchaja

A Malizani (Adadi)

Adadi 11:02
Kezia mwana wanga, ndine bambo ako. Chiko wamwalira m'mawa uno. Ndikhulupirira Moffat wakuuza.

Kezia 11:04
Pepani adadi. Ndikubwera mawa. Chonde mudyeko kanthu.

Adadi 11:19
Mayi ako anandiuza m'chipatala kuti ndizimusamala. Sindinawafunse kuti amadya chiyani. Zaka zonsezi ndinkangoona mbale ikudutsa.

Adadi 11:26
Ndinasankha lakupsa bwino, la pamwamba penipeni. Ndiuze zoona. Ndi peyala lija?

Kezia 11:31
🚫 munafufuta uthenga uwu

Kezia 11:38
🚫 munafufuta uthenga uwu

Adadi 12:15
Chabwino mwana wanga. Uyende bwino mawa.