Ziro wa Ba Chanda

Lachinayi madzulo, Kabwata. Kwatentha, mutu ukuwawa.

Kompyuta yakananso pulogalamu yathu yogawira feteleza. Makinawo timapatsidwa kamodzi patsiku, ndiye tsiku lapita pachabe, mvula nayo ili pakhomo.

Chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Polemba pulogalamu papepala, ine ndimadula ziro ndi kamzere kuti asafanane ndi chilembo O. Ba Chanda, amene tagawana nawo ntchitoyi, amadula O n'kusiya ziro. Akuti ndi mmene anaphunzirira ku migodi. Mapepala athu onse amapita kwa Mai Zulu, amene amaboola makadi olowetsa mu kompyuta. Iwo paliponse pamene aona kamzere amaboola ziro, ngakhale pa O wa Ba Chanda.

Ndinapempha Ba Chanda kuti tigwirizane chimodzi. Anaseka. "Iwe mwaiche, nenze kulemba mapulogalamu ukali ku sukulu."

Bwana anati tikambirana masana. Masanawo anatikweza tonse mu lole kukaima pamsewu wa ku eyapoti, kukupiza timbendera kwa mlendo wa Chipani. Galimoto yake inadutsa mawindo ali otseka.

Pobwerera ndinakhala pafupi ndi Mai Zulu. Anandinong'oneza, kufunsa kadulidwe koti atsatire: "Ba Phiri, mawa nizakonka ndani? Imwe olo beve?"

Dziko lonse tinalikwanitsa kulowetsa m'chipani chimodzi, koma ziro mmodzi mu ofesi imodzi watikanika.

Ndangoyesa kudula O pano, mwina ndigonje ine. Dzanja likukana.