Mawu a Shamsa pa Foni ya Kampani

Mwadzama,
Nkhotakota.
12 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achimwene a Khalidi,

Assalamu alaikum. Ndine mlongo wanu Rukiya. Dzanja mukulionali ndi la a Tione, aphunzitsi oyandikana nafe, koma mawu onse ndi anga, ndipo ndawauza kuti asakongoletse kapena kuchotsapo kanthu. Kalatayi ndapatsira a Hussein amene akubwera ndi mpunga ku Limbe kwanuko. Ndikanakuimbirani, koma alamu anu a Sufiyani chidwalireni matenda aja ofa ziwalo satuluka m'nyumba, ndipo ngakhale mwendo unafa, makutu awo ndi akuthwa kuposa kale. Inunso pa foni mumafuula ngati mukuitana ngalawa.

Kuno mpunga tinakolola, ngakhale mwera wavuta moti usipa ukusowa. Koma si zimene ndakulemberani. Nkhani ndi ya Shamsa, ndipo ndabwera kwa inu chifukwa ndinu malume ake, mwini mbumba.

Mukukumbukira kuti chaka chatha kampani yake ija yogulitsa magetsi a dzuwa ku Blantyre inasankha mawu ake. Pa atsikana onse a mu ofesimo anati Chichewa chomveka bwino ndi cha Shamsa. Anamujambula mawu, ndipo aliyense woimba kumeneko, asanayankhidwe, ankayamba wamva mwana wanga akuti, "Zikomo poimba. Anzathu onse akuthandiza anthu ena. Chonde musadule, tikuyankhani posachedwapa." Kenako kanyimbo, kenako iye kachiwiri.

Sindibisa, ndinanyada. Ndinkapita nayo foni ku mjigo n'kuikweza kuti amayi anzanga amve. A Rahila mpaka anandiseka, amvekere, "Amake Shamsa, mwana wanuyu ulemu ali nawo, tsiku lililonse chonde, chonde, koma kukufunsani kuti mwadzuka bwanji ayi!" Ndinawafunsa kuti mwana wawo amene amawadzutsa m'mawa uliwonse, dziko lamumvapo liti.

Sukulu ndinalekezera sitandade 2, koma musandiyese wopusa. Ndinkadziwa kuti ndi mawu osungidwa m'makina. Kungoti mumtima ndinkati, bola mawuwo alipo, ndiye kuti mwini wake ali pa ntchito, wadya, wavala, ali moyo. Kwathu kuno munthu akachoka pa ntchito amanyamula zake zonse. Sindinaganizepo kuti mawu angatsale mwini wake atapita.

Ramazani isanayambe Shamsa anaimba n'kunena kuti foni yake yawonongeka, agula ina akapeza mpata. Anati, "Amayi, mukandisowa muziimba ya ku ntchito ija mumve mawu anga. Koma mukandimva muzidula, musamadikire kuti munthu ayankhe. Mabwana safuna za kumudzi pa foni ya kampani." Ine ndinamvera, pakuti sindifuna kuchititsa mwana manyazi pamaso pa mabwana ake. Pa Idi sanabwere ndipo sanaimbe. Ndinadandaula, koma ndinaimba nambala ija, ndinamumva, mtima n'kukhala pansi. Idi yachiwiri chimodzimodzi. Anthu akafunsa ndinkati watanganidwa, ndamumva dzulo lomweli.

Bambo ake ndiye anazolowera. Akatha kuswali Asiri chokhala pa mkeka amati, "Ndiikire mwana." Ndimawagwirira foni pakhutu, iye akati chonde musadule, iwo amayankha kuti, "Sindidula, mama, sindidula," n'kumaseka ndi mbali ya pakamwa imene ikugwirabe ntchito. Kaya amadziwa kuti ndi makina, kaya sadziwa, sindinawafunsepo.

Lachiwiri lapitali ndinaimba monga mwa masiku onse. Achimwene, amene anayankhula anali mwamuna, woyamba ndi Chingerezi. Ndinayesa kuti ndalakwitsa nambala, ndinaimbanso, mwamuna yemweyo. Ndinawauza bambo ake kuti netiweki yavuta, ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, ndipo ulendo uno sindinadule. Ndinadikira kanyimbo kakulira, mwamunayo akubwerezabwereza kuti ndine wofunika kwa iwo. Potsiriza anayankha mtsikana.

Ndinati, "Mwanangu, ndikufuna Shamsa Sufiyani."

Iye, "Shamsa uti, mayi? Nenani vuto la sola yanu."

"Ndilibe sola. Ndikufuna uja ankayankhula pamene pakuyankhula bamboyu."

Iye anati, "Aa, wa mawu akale uja? Ameneyo anasiya ntchito kalekale, mvula isanathe. Mawuwo tinangochedwa kusintha."

 Ndinafunsa kuti anasiya chifukwa chiyani, nanga anapita kuti. Anati saloledwa kunena za antchito pa foni. Kenako anatsitsa mawu, akuti, "Kodi inu ndinu mayi ake? Nanga sali kumudziko? Ifetu anatitsanzika kuti akupita kwawo ku Nkhotakota."

A Tione, lembani bwino pamenepo. Anatsanzika kuti akubwera kuno, mvula isanathe. Lero tili mu Ogasiti. Kuno sanafike.

Miyezi yonseyi ndakhala ndikugona tulo, ndikuuza anthu kuti mwana ali bwino, pamene ndikumvera makina. Ndikanangodikira tsiku limodzi lokha kuti munthu ayankhe, tikanayamba kumufunafuna mapazi ake asanafufutike. Tsopano ndikaona basi yaima ku Benga ndimayang'ana aliyense wotsika. Ndimaganiza za msewu wa Salima nthawi ya mvula, milatho ikukokoloka. Ndimaganiza za anthu aja amanamiza atsikana kuti kunja kuli ntchito yabwino, n'kuwalanda mapasipoti. Nthawi zina ndimati mwina wangotenga pakati ndipo akuopa bambo ake, n'kupezeka ndikupempha Allah kuti zikhale zomwezo. Taganizani, achimwene, ine Rukiya kupempha zimenezo.

Tsono pempho langa ndi ili. Valani mkanjo wanu woyera uja mupite nokha ku kampaniko. Munthu wamkulu akaima pakhomo sangamuuze kuti dikirani n'kumuyatsira nyimbo. Funsani tsiku limene anachoka ndi amene ankayenda naye. Mukachoka apo mupite ku Ndirande kumene ankachita lendi, kwa mayi aja a Rute, muone ngati katundu wake alimo. Mukapanda kupeza kanthu, pitani ku polisi ndi ku chipatala. Kulinso kwina kumene anthu amakafunsa akasowa m'bale, koma pakamwa panga sipatchula, inu mukukudziwa.

Mukamupeza ali moyo musamukalipire, ndikukudziwani mtima wanu. Mumuuze kuti kaya anachotsedwa ntchito, kaya ali ndi mimba, kaya wabwera ndi mwamuna wosaswali, pakhomo pano palibe adzamufunse kanthu. A Rahila ndithana nawo ndekha. Ngati sakufuna kubwera, angoimba, anene mawu alionse amene sindinawamvepo.

Alamu anu sakudziwa. Tsiku lililonse akatha Asiri akumapempha foni, ine ndikumati netiweki sinabwerebe. Dzulo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Nanga ya a Tione ija ikulira bwanji?" Ndinanamizira kuti mpunga ukupserera. Bodza limeneli silikhala sabata ina.

Perekani moni kwa alamu anga a Zahra ndi ana onse, ndipo muwapemphe atikumbukire m'dua. A Tione akupereka moni. A Sufiyani ndawauza kuti ndikukulemberani za mbewu, ndiye akuti ndikupatseni salamu zambiri, ndiponso akuti mukamuona Shamsa Lachisanu mumuuze kuti asamagwire ntchito mopitirira, mawu ake ankamveka otopa.

Mukadzaimba, musayambe kuyankhula mpaka ndikuuzeni kuti ndatuluka panja, ndipo musafuule. Ngati nkhani ili yabwino musataye nthawi ndi moni, nenani msanga kuti ali moyo. Mukadzayamba ndi kundifunsa za mpunga ndi za mwera, ndidzadziwa, ndipo ndidzakhala pansi ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Rukiya, amake Shamsa.