Msonkho Watsika, Ndinatero Ndine

Lachinayi, 5 Juni

Mphepo ndi fumbi. Tsiku lonse pa baliya ya khonsolo pomwe ndimatolera msonkho, ngolo zinayi basi. Masana ba Festus a ku ofesi afika pa njinga yamoto ndi pepala la Chingerezi. Akuti ndilimasulire, ndikaliwerenge kutchalitchi Lamulungu popeza zilengezo ndimawerenga ndine. "Iwe Melody bantu bamakumvela." Zoona. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwerenga zilengezo, palibe anandifunsapo kuti wazitenga kuti.

Pamwamba palembedwa kuti msonkho wa chimanga watsika, kuchoka pa K10 kufika pa K2. Pansi, tizilembo tofuna magalasi: kale unali wa ngolo, tsopano ndi wa thumba. Ngolo imanyamula matumba 12. Ndiye K24. Ndafunsa. "Belenga chabe vapamwamba, vapansi ni va ofesi." Ponyamuka anati makontirakiti athu aonedwa kumapeto a mwezi. Sanandiopseze ayi, amangondikumbutsa.

Lamulungu, 8 Juni

Ndawerenga zapamwamba. Anthu m'manja, azimayi nthungululu, m'tchalitchi momwe. Akatekisiti anati tithokoze Mulungu. Ine maso papepala.

Sindinaname, mawu onse ndawerenga alipodi. Ndadziuza zimenezi njira yonse. Nsapato za mwana wanga Treasure zaseka kutsogolo, akuti anzake kusukulu akumunena.

Lachitatu, 11 Juni

Ba Zebron, amalume a malemu amuna anga. Ngolo yodzaza, ng'ombe thovu kukamwa, ogula a ku Lusaka akudikira ndi lole tsidya la msewu. Anatulutsa K2 m'thumba la jekete akumwetulira, anaikonzeratu kunyumba. Ndinawauza K24. Anandiyang'ana n'kufunsa: "Nanga uja anakamba mu tchalichi ni ndani?"

Ndalama ina analibe, chimanga sanagulitse. Ndinati ndiwalipirire, anakana. Anatembenuza ngolo, ulendo wonse uja kubwerera. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe.

Lachisanu, 13 Juni

Pa mjigo nkhani zinatha nditangotula ndowa. Ba Olipa, akulu a azimayi kutchalitchi, moni wanga anangoyankha "tilipo".

Ndakhala ndikuganiza. Mwina K2 pa thumba si yoipa. Wa matumba atatu ankalipira mofanana ndi wa ngolo yodzaza, tsopano apumako. Tikanangonena choncho, ena akanang'ung'udza, ena akanakondwa, n'kutha. Chomwe chawawa anthu si K24, ndi m'manja muja anaomba. Ba Festus kwawo ndi ku Chongwe, tsiku lina adzasamutsidwa. Ine manda anga adzakumba ndi anthu awa.

Lendi pa 30. Feteleza sindinayambe n'kuganiza komwe.

Lamulungu, 15 Juni

Zilengezo: kwaya Loweruka, ubatizo mwezi wamawa, kulambula kumanda. Nditamaliza sindinakhale pansi. Ndinati sabata yatha ndinawerenga theka la pepala ndikudziwa, ndipo theka linalo nali. Ngolo yodzaza K24, matumba asanu K10 ngati kale, ochepera pamenepo mwapindula. Ndinabwereza kawiri. Ndinapepesa kwa ba Zebron powatchula dzina, iwo sanadzutse mutu.

Palibe anaomba m'manja. Kumbuyo kunali mlamu wa ba Festus, ndinamuona akulemba pa foni.

Lachiwiri, 17 Juni

Dzulo ba Festus anaimba foni katatu, sindinayankhe. Lero uthenga: ndikaonekere ku ofesi Lachinayi 9 koloko, nditenge buku la malisiti. Ndikudziwa tanthauzo lake. Mantha ndili nawo, sindibisa.

Cha m'ma 10 ngolo ya ba Olipa, matumba 12. Ndalama anamangiratu pansonga ya chitenje, K24 yokwanira, osakangana. Ndalemba lisiti. Ngolo inadutsa, iwo anatsala. Kenaka anatulutsa envelopu ya kuchipatala ku Mpanshya, zotsatira za amuna awo. Ana awo awawerengera kale, akuti zonse zili bwino, koma mdala akungowonda.

"Unibelengele iwe. Vonse, na vapansi."

Ndinatsegula. Ndinayamba ndawerenga chamumtima mpaka pansi. Kenaka ndinawakokera benchi, ndinati khalani kaye mayi.